Suti Yomwe Inathera M'mawondo

"Ine ndayenda," ankatero telala wina akudzigogoda pachifuwa ndi sizasi. "Ndasokera anthu m'mayiko asanu, ndipo palibe amene anandibwezera ngakhale batani."

Pa ulendo wake womaliza anabwerako ndi pulogalamu yaulere ya pafoni yosungira miyeso ya makasitomala. Inali yokongola ngati keke ya ukwati, ndipo ukalembamo dzina inkaliza kabelu. Kope limene mkazi wake ankalembamo miyeso analiika pansi pa mwendo wa tebulo kuti tebulolo lisamagwedere.

Tsiku lina kunabwera wogulitsa nyama, chimunthu choti polowa pakhomo chinkayamba chapendeka. Anasiya nsalu yodula mamita asanu ndi limodzi kuti amusokere suti ya ukwati wake wa Loweruka. Atangotuluka, kunalowa mphunzitsi wowonda ngati singano, naye nkuyezedwa. Lachinayi pulogalamu ija inadzikonza yokha. Mayina anatsika mzere umodzi, manambala nkutsala pomwe anali.

Mkazi wake anayang'ana nsalu itadulidwa. "Bambo a kuno, chiuno ichi ndi cha achimwene a nyama aja? Ntchafu yawo imodzi singalowe."

"Mayi, foni sinama. Chikondi chimaondetsa."

"M'masiku atatu?"

"Inu simunayende," anatero telala, nkuponda makina.

Loweruka m'mawa mkwati anabwera kudzavala. Buluku linakwera mpaka m'mawondo, nkukana kupitirira. Jekete linalandira mkono umodzi wokha, msoko wakumsana nkulira kuti phwee.

"Amisiri," anatero mkwati motsitsa mawu, "mwandisokera suti kapena sokosi?"

Telala anasolola foni kuti aonetse umboni. Foni inaliza kabelu kake, nkumupempha kuti aipatse nyenyezi zisanu.

Mkwati anakwatira atavala mkanjo wobwereka wa kwaya, ndipo apongozi ake ankangodikira kuti ayambitse nyimbo. Lolemba telala anagulitsa foni ija nkubweza nsalu yonse, mamita asanu ndi limodzi, osapungula ngakhale chala. Mkazi wake anasolola kope lake pansi pa tebulo, nkulikuntha fumbi.

Tebulo likugwederabe mpaka lero, koma mabuluku akufika m'chiuno. Paja akuluakulu anati chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.