Dzina la a Pulofesa Patsogolo

Pa yunivesite ina, Mayi Kaphwereza ankaphunzitsa Chigiriki chakale. Zolemba zawo zinkatchulidwa ndi akatswiri mpaka kunja, pomwe za mkulu wawo, Pulofesa Chigwenembe, zinkangodyedwa ndi chiswe m'kabati.

Tsiku lina mkuluyo anawaitanitsa.

"Mayi, pa pepala la kafukufuku wanu watsopanoyu, dzina langa likhale patsogolo. Apo ayi, phunziro lanu la anthu akufali ndilitseka."

"Palibe vuto, bwana," anatero mayiwo. "Mutu umodzi susenza denga."

Analembadi dzinalo patsogolo, n'kupereka pepalalo ku msonkhano wa akatswiri umene unkachitikira pa yunivesite pomwepo. Sanawauze a Pulofesa kuti mwambo wa kumeneko ndi wakuti mlembi woyamba ndiye amaimirira n'kuwerenga Chigirikicho mokweza.

Tsikulo holo inadzaza, ophunzira ena kusuzumira m'mawindo. A Pulofesa atalandira pepala, anangoona zilembo zonga mopalasa nkhuku. Anapukuta magalasi. Anamwa madzi. Analitembenuza chadodolido, koma sizinathandize.

"Mayi, tandithandizani," ananong'ona, thukuta lili kamukamu.

"Ine ndine wachiwiri, bwana. Sindingalumphe akuluakulu."

A Pulofesa anakhosomola, n'kulengeza kuti, "Pepani nonse, wotayipa analakwitsa. Ntchitoyi ndi ya mayiwa okha."

Mayi Kaphwereza anaimirira mosafulumira, n'kukonza mpango wawo. Pepala sanalilandire msanga.

"Nanga phunziro la anthu akufa lija, bwana?" anafunsa chapansipansi.

"Lili moyo, mayi! Werengani!"