Wailesi ya a Kanyumbu ndi Maluwa a Kuseri kwa Hotela

Ana inu, mawu aliwonse amene akuluakulu amanena ali ndi kwawo. Amene ndikufuna kukufotokozerani lerowa ena amati ndi akalekale, koma ine amene ndinagwira chipande cha simenti zaka makumi atatu ndisanayambe kuphunzitsa, ndimati anabadwira pamalo pamene tinkamanga zipinda zatsopano za hotela ina yakale.

Kapitawo wathu anali a Kanyumbu, munthu wodziwa ntchito ndiponso wa mawu onga bingu. Malowo anali aakulu moti wina akakuwa kumaso kwa hotela, wa kuseri sankamva. Choncho kampani inagula timawailesi tolankhulirana. Ukadina kabatani n'kulankhula, mnzako wakutali ankakumva pomwepo. Tinangotitcha ovaova, chifukwa aliyense akamaliza kulankhula ankati "ova". Masiku oyamba tinkangotitembenuzatembenuza, kufuna kudziwa kuti mawu a munthu akudutsa pati popanda nthambo.

A Kanyumbu okha sanachite nato chidwi.

"Ine ndamanga matchalitchi ndi pakamwa pangapa," anatero. "Lero ndiziyenda ndi kachitini kolira m'chiuno?"

Anakapereka kwa mlamu wawo, a Layitoni, bambo wofatsa amene asanabwere ku zomangamanga ankasamalira maluwa m'nyumba za mabwana.

"Alamu, muzindimverera. Kakalira, muzibwera kudzandiuza."

Zinayenda choncho kwa milungu ingapo. Kenako linafika tsiku lokumba maziko kuseri, pamene panali bedi lalitali la maluwa ofiira ndi achikasu. Katapila, galimoto yokumba nthaka ija, anafika m'mawa, woyendetsa wake ali bambo wina dzina lake Tobiyasi.

Nthawi yomweyo injiniya wathu, mayi Nasimango, anali mu ofesi kutsidya lina la malowo akuyang'ana pulani yakale ya hotelayo. Anaona kuti pansi pa maluwawo pankadutsa nthambo yaikulu ya magetsi. Anatola wailesi n'kunena kuti, "A Kanyumbu, pansi pa maluwa aja pali nthambo ya magetsi. Musakumbe mpaka titazimitsa. Ova."

A Layitoni anali ataima pafupi ndi makina osakaniza simenti, amene ankachita phokoso ngati chigayo. Zimene zinalowa m'khutu mwawo zinali zidutswa chabe: "maluwa aja", "musakumbe". Anayankha kuti "Tamva, ova," ndipo mtima wawo unakondwa, pakuti maluwawo ankawamvera chisoni kuyambira tsiku limene anawaona.

Anapita kwa a Kanyumbu n'kunena kuti, "Alamu, a injiniya akuti maluwa aja tisawakumbe. Akuwafuna."

"Maluwa?" anadabwa a Kanyumbu. "Ntchito iime chifukwa cha maluwa? Chabwino, azuleni bwinobwino muwaike m'zidebe. Akadzawafuna adzawapeza amoyo."

Tinatero. Amuna akuluakulu tinagwada ndi makasu, a Layitoni akutilangiza kuti tisadule mizu. Titamaliza, a Kanyumbu anakweza dzanja, ndipo Tobiyasi anatsitsa mkono wa katapila.

Anakumba kamodzi, n'kukumbanso. Kachitatu kunamveka kuphulika, moto wobiriwira n'kuthetheka m'dzenjemo, utsi uli tolotolo. Magetsi a mbali ina ya hotela anathima. Tonse tinathawa, koma mano a katapila anatsala atakola nthamboyo, ndipo Tobiyasi, nkhope ili mbuu, anatsegula chitseko kuti adumphe.

Wailesi inkalira m'manja mwa a Layitoni, amene anangoima kakasi. A Kanyumbu anawatsomphola n'kuiika kukhutu kwawo.

"Chachitika n'chiyani kumeneko?" anali mawu a mayi Nasimango. "Mwakumba?"

"Takumba, mayi. Tobiyasi akutsika."

"Asatsike! Nthamboyo mwina ikadali ndi moto. Akaponda pansi atagwira chitsulo, afa. Aliyense atalikire!"

"Tobiyasi!" anakuwa a Kanyumbu. "Bweza mwendo! Khala momwemo!"

Phazi la Tobiyasi linali litatsala pang'ono kufika pansi. Analibweza pang'onopang'ono n'kukhala pampando, manja ali pachifuwa. Tinadikira. A Kanyumbu ankalankhula naye modekha, kumufunsa za ana ake ndi za munda wake, wailesi ili chigwirire. Patapita nthawi inaliranso.

"Tazimitsa konse. Atsike tsopano. Ova."

"Mwati mwazimitsa konse, atsike?" anabwereza a Kanyumbu.

"Inde, atsike."

Tobiyasi anatsika n'kungokhala pansi padothi.

Mayi Nasimango anafika akupuma mwawefuwefu. Anayang'ana dzenje lakudalo, kenako mzere wa zidebe za maluwa othiriridwa bwino.

"A Layitoni, munamva chiyani pa wailesi?"

"Ndinamva za maluwa, mayi."

"Nanga za nthambo?"

A Layitoni anaweramitsa mutu. Tinkaganiza kuti a Kanyumbu awakalipira, koma anavula chipewa n'kunena kuti, "Musawadzudzule alamu angawa. Uthengawo unali wanga, ndipo ine ndinatuma makutu a wina."

Kuyambira tsikulo, wina akati "tapita ukandimverere", amisiri ankamukumbutsa za a Layitoni, mpaka mawuwo anafalikira kutali: Kandimverere adakanena za m'maluwa.

Tanthauzo lake ndi lakuti munthu amene wamutuma kukamva m'malo mwako amatola zimene zili pamtima pake, n'kusiya zimene zili zofunika kwa iwe. Sachita kunama ayi. A Layitoni ananena zoona zokhazokha, koma zoperewera. Nkhani ikakhala yokhudza iwe, makamaka yokhudza moyo wa anthu amene akukudalira, kaimve wekha, ndipo pamene sunamvetse ufunsenso.