A Yotamu ndi Njanji ya mu Utsi

Kalekale, m'mudzi mwathu muno munali munthu wina dzina lake a Yotamu Kaphwiti, malume awo a agogo anu. Amenewa analowa usilikali, koma osati wapansi ayi, wam'mwamba. Ntchito yawo inali yolondolera njira m'ndege ya asilikali. Ankakhala pambali pa woyendetsa, mapu pantchafu, pensulo pakhutu, maso pawindo.

Makani ndiye anali nawo. Ndege itaikidwa makina osonyeza njira, anzawo ankawaseka. "Akulu, mapepalawo ngachiyaninso?" Iwo kumangolemba.

Tsiku lina m'chilimwe ananyamuka kumalire atanyamula msilikali wina, Fulaye, amene anaponda bomba. Ankathamangira naye kuchipatala ku Zomba. Anthu anali atatentha tchire, dziko lonse utsi tolo! Ali m'mwamba, wailesi zii. Makina aja nawonso anayamba kubwebweta. Mafuta? Ongokwanira.

Woyendetsa, Kaputeni Lipenga, thukuta kamukamu. "Tikhotere kumanja, Zomba ali uko."

"Ayi bwana, kumanjako n'kutchire."

"Mukudziwa bwanji inu? Mukuona chiyani muutsi muno?"

Mukuganiza kuti a Yotamu ananjenjemera? Aa! Chinyamukire iwo ankawerenga mphindi, ankalemba mtsinje uliwonse, phiri lililonse.

"Bwana, taonani utsi wa moto uwo, wagonera kumadzulo. Mphepo yakhala ikutikankha chinyamukire. Tsikani pang'ono, pasanathe mphindi zisanu tipeza njanji."

Kaputeni anawayang'ana, n'kuyang'ana Fulaye akubuula kumbuyo, basi n'kutsitsa ndege. Mphindi imodzi, palibe. Ziwiri, palibe. Zitatu, utsi wokhawokha. Yachinayi ikutha, kanthu kanangoti nyezi pansi. Njanji, ana inu, njanji!

"Iyo! Itsateni mpaka pa mlatho wa Shire, pamenepo mukhotere kummwera."

Anaitsata, anaitsata, mlatho uwo. Atakhota, phiri la Zomba linatulukira muutsi ngati njovu. Anatera bwinobwino. Fulaye mwendo unapita, koma moyo unatsala. Anakwatira, nabereka ana asanu ndi awiri, ndipo ankabwera muno ndi ndodo yake kudzacheza, iye ndi a Yotamu kuseka mpaka misozi pansi pa mtondo uwo.

N'chifukwa chake ife a kwa Kaphwiti sitigona paulendo. Kaya wakwera basi, kaya ngolo, kaya woyendetsa ndi katswiri wotani, dziwa mtsinje umene wawoloka, dziwa kumene mphepo ikuchokera. Njira amaisunga zinthu zili bwino, ana inu. Ukayamba kuifunafuna utasochera kale, wachedwa.