Nkhanu M'mwendo mwa a Chimbalanga

Kalekale, koma osati kale kwenikweni, kunali a Chimbalanga, katswiri wofolera nyumba, bambo wa ana aakazi atatu. Tsiku lina anaterereka padenga, fupa la mwendo n'kuphwanyika mpaka kusiya mpata. Madokotala anati mpata wotero fupa silingautseke, mwendo udulidwe basi.

Woyamba kubadwa, Sungeni, anali ataphunzira zasayansi. Anati, "Ababa, fupa lili ngati nyemba zoyanga, limafuna pogwira." Ankadziwa kuti m'zigoba za nkhanu muli chinthu china chapachibale ndi sitachi wa m'chinangwa. Anafuna kupanga nacho kachinkhupule kotseka mpatawo, kuti fupa limerepo, kenako iko kasungunuke. Analephera kanayi, kachisanu zinatheka.

Wachiwiri, Ndaziona, sukulu anaithawa ali wamng'ono, koma mauna a nkhanu ankawadziwa onse. M'nyengo yozizira ankalowa mumtsinje m'mamawa kukagwira nkhanu, zala zili zilonda zokhazokha. Sungeni akalephera n'kuyamba kulira, iye ankangotula dengu lina, amvekere, "Pukutani misozi achemwali, mtsinje sunaphwe."

Zonse zitakonzeka, mwini mwendo anakana! Nkhalamba ija inali ndi makani, inu. "Nkhanu m'mwendo mwanga? Mukufuna ndiziyenda cham'mbali? Bola adule!"

Apo ndi pamene chitsirizira, Khumbize, anakhala pamphasa nawagwira dzanja. "Ababa, akadula, paukwati wanga ndidzavina ndi yani?" Bambo aja anayang'ana kumbali, misozi ili chuchuchu, n'kuvomera. Madokotala anawaika kachinkhupule kaja m'mwendo. Bambowo atachoka kuchipatala, Khumbize anawabisira nsapato ndi makwerero miyezi isanu ndi umodzi. Akamukalipira ankangoseka, n'kuwakumbutsa kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Fupa linamera, linagwirana. Dokotala anati, "Lero muyende, koma kaulendo kamodzi kokha, kakafupi."

Nkhani inafika kwa ana onse atatu. Aliyense anasesa pabwalo pake, anapha nkhuku, anaima pakhomo kudikira. A Chimbalanga anatuluka, anaponda pansi ndi miyendo yonse iwiri, koma anangoima, mtima ukuwawa. Onsewo ankawakonda, ndipo ankadziwa kuti awiri aona msana wawo.

Tsono inu mwamva nkhaniyi, tandiuzani: phazi loyamba liloze kwa yani? Kwa amene anapanga mankhwala, kwa amene anapanidwa zala ndi nkhanu, kapena kwa amene anagonjetsa makani a bambo ake?