Mwini Tebulo Sagonja

Ku Balaka kunali bambo wina wolemba zikwangwani. Mukaona dzina la golosale kapena la chigayo litalembedwa mokongola pakhoma, linali dzanja lake limenelo. Ali mnyamata anapitako ku Joni, ndipo kumeneko anaona azibambo a ndevu zawo atazungulira tebulo, akusewera nkhondo ndi tiasilikali tating'onoting'ono. Zinamulowa mumtima. Atabwerera kwawo anati nayenso apange zake.

Ndipo anapangadi. Anatenga chitseko chakale n'kuchikhomera miyendo, chinasanduka tebulo pakhonde. Patebulopo anaumba mapiri a dongo, anajambula mtsinje ndi penti wabuluu, pakati n'kuikapo kamlatho ka nsungwi. Mitengo anachita kupota ndi waya. Asilikali anawasema ndi mpeni, aliyense wotalika ngati chala chaching'ono, ena oyenda pansi, ena okwera akavalo. Gulu lina analipaka penti wofiira, lina wobiriwira. Ngakhale mabatani a malaya awo ankaoneka. Tisamunamizire munthuyu, abale anga, luso anali nalo.

Malamulo a masewerawa anali osavuta. Msilikali woyenda pansi amasuntha kutalika kwa kamtengo koyezera, ndipo mtsinje amawoloka pamlatho pokha. Wapakavalo amasuntha kawiri, ndipo amawoloka paliponse. Asilikali akakumana, eni ake amaponya dayisi, kanthu ka madontho kaja, ndipo wopeza madontho ambiri ndiye wagwetsa mnzake. Amene wagwetsa mkulu wa asilikali a mnzake, nkhondo yatha, wapambana. Malamulo amenewa anawanena yekha mwini tebulo, ndi pakamwa pake, anthu akumva.

Loweruka masana pakhonde paja pankadzaza. Pankabwera wometa tsitsi wa pamsika. Pankabwera mphunzitsi wa kupulayimale. Pankabweranso mlamu wake, mchimwene wa mkazi wake, munthu wokonza njinga.

Mlamuyu anali atangosiya kumene mowa. Kachasu anatsala pang'ono kumuthetsera banja. Mkati mwa sabata ankapirira, chifukwa manja anali pantchito. Koma Loweruka masana, anzake akale akamadutsa n'kumamuitana, miyendo inkafuna kunyamuka yokha. Chimene chinkamugwira ndi khonde lija. Akakhala pamenepo n'kumayendetsa asilikali obiriwira, ankangozindikira dzuwa lapendeka, n'kubwerera kwawo ali bwinobwino.

Vuto linali limodzi. Mwini tebulo sankafuna kugonja. Mumtima mwake ankati: wasema ndine, wapaka penti ndine, khonde ndi langa. Ndiye munthu angochoka kumsika, tsitsi la anthu lili m'malaya, n'kudzandigonjetsa pakhomo panga?

Tsiku lina wometa uja anawolotsa akavalo ake pamtsinje, n'kutulukira kumbuyo kwa gulu lofiira la mwini tebulo.

"Iyayi achimwene, bwezani akavalowo," anatero mwini tebulo. "Mtsinje wadzaza."

"Wadzaza bwanji poti ndi penti?"

"Pankhondo pano ndi dzinja."

Wometa anaseka, n'kubweza akavalo ake. Sabata yotsatira anangoona akavalo ofiira akuwoloka malo omwe aja.

"Suja munati mtsinje wadzaza?"

"Zinali sabata yatha zimenezo. Waphwera."

Ulendo uno wometa sanaseke. Anaimirira, n'kusasa thalauza lake. "Bola kumsika," anatero. "Kumeneko tsitsi likagwa, lagwa." Sanabwerenso.

Mphunzitsi anali munthu woleza mtima, ndipo anapirira nthawi yaitali. Koma anaona zinthu. Mwini tebulo akapeza madontho ochepa ankati dayisi yagunda phiri, aponyenso. Mphunzitsi akapeza ambiri ankauzidwa kuti sanaigwedeze mokwanira. Kamtengo koyezera kaja nako kanali kodabwitsa: kakamayeza asilikali ofiira, chala cha mwini wake chinkawonjezerapo pang'ono kumapeto. Tsiku lina kunabadwa lamulo lakuti asilikali obiriwira atopa ndi ulendo, apume kaye. Ofiira sankatopa. Pamapeto pake mphunzitsi anati ali ndi ntchito ya ana yoti achonge, ndipo ntchitoyo inakhala ya Loweruka lililonse.

Mukuganiza kuti mwini tebulo anadzifunsa? Ayi ndithu. Ankayenda uku ndi uku pakhonde akudandaula. "Anthu a masiku ano safuna kuphunzira. Akangogonja pang'ono, athawa. Ndimawaitana pakhomo panga, ndimawaphunzitsa masewera achilendo, kuthokoza kwake n'kumeneku?" Iye ndiye anali wolakwiridwa!

Anatsala mlamu yekha. Iyeyu ankagonja Loweruka lililonse, ankaona chinyengo chonse, koma ankangopirira n'kubweranso.

Mkazi wa mwini tebulo anaona kumene zinthu zikulowera. Loweruka lina m'mawa akumupatsa tiyi anati, "Abambo, atsala achimwene okha. Sindikunena kuti muziwasiyira dala. Ingosewerani monga munanenera poyamba."

"Kodi za nkhondo mumazidziwa inu?"

"Za nkhondo sindizidziwa. Koma kumene ankapita achimwene Loweruka asanayambe kubwera kuno, ndimakudziwa."

Bamboyo anangomwa tiyi wake.

Loweruka limenelo mlamu anafika ataganiza bwino. Sabata yonse, uku akumata machubu a njinga, mutu unali patebulo paja. Asanagwire msilikali ndi mmodzi yemwe anafunsa, "Alamu, lero mtsinje uli bwanji?"

"Waphwera."

"Nanga dayisi ikagunda phiri?"

"Iwerengedwa."

"Asilikali anga sanatope?"

"Aa, inunso alamu! Tiyeni tiyambe."

Anayamba. Mlamu anatumiza oyenda pansi ake onse kumlatho, ngati akufuna kuwoloka mwamphamvu. Mwini tebulo anamwetulira, n'kuthamangitsira gulu lake lonse komweko. Sanaone kuti akavalo obiriwira akuzembera kuseri kwa phiri. Pamene ankadzidzimuka, n'kuti akavalowo atawoloka kale, atazungulira mkulu wa asilikali ofiira, yemwe anali atatsala yekhayekha.

Anaponya dayisi. Mwini tebulo anapeza dontho limodzi. Mlamu anapeza asanu ndi limodzi. Dayisi sinagunde phiri, sinagwe pansi, inagwedezedwa mokwanira.

Mlamu analumpha. Anaseka chiseko chimene mchemwali wake anali asanachimve kwa zaka. "Achemwali! Tabwerani mudzaone! Ndawagwira lero!" Mayi uja anatuluka kuseri kumene ankachapa, thovu la sopo lili m'manja, nkhope ikuwala.

Apa ndiye panali posankha. Mwini tebulo anayang'ana mkulu wa asilikali ake. Anayang'ana mlamu wake akuvinavina. Anayang'ana mkazi wake. Mawu oyenera anali pamlomo penipeni: mwapambana, alamu. Mawu osalemera, osapweteka pakhosi. Ankadziwa kuti wagonja. Ankadziwanso chimene khonde lake linali kwa munthu ameneyu, poti anali atauzidwa m'mawa womwewo. Koma mtima wosafuna kugonja uja unatukusira: pakhomo panga? Mkazi wanga akuona?

Anatsokomola pang'ono, n'kunena kuti, "Dikirani kaye. Ameneyu si mkulu wa asilikali weniweni. Ndi msilikali wamba, wangovala malaya a bwana wake kuti apusitse adani. Weniweni ndi uyu." Analoza kamsilikali kena kamene kanaima patali, kuseri kwa mtengo wa waya.



"Lamulo limeneli layamba liti?" anafunsa mlamu.

"Pankhondo zimachitika zimenezi. Mukanakhala wodziwa, bwenzi mutazindikira."

Mlamu sanakalipe. Anaika dayisi patebulo pang'onopang'ono. "Ndiye kuti palibe tsiku limene ndidzapambane pano," anatero. Anatsanzika mchemwali wake, n'kukwera njinga yake.

Loweruka lotsatira bamboyo anasesa khonde, anapukuta fumbi pamapiri, anafoletsa magulu onse awiri, n'kukhala pansi kudikira. Palibe anabwera. Ndiye anati asewera yekha. Ankaima mbali ino kuyendetsa ofiira, n'kuzungulira mbali inayo kuyendetsa obiriwira. Tsono tamverani izi. Obiriwira atapeza madontho ambiri, bamboyo anacheuka uku ndi uku, anaona kuti palibe akumuona, n'kuponyanso dayisi! Munthu wamkulu, wa ana ake, kudzibera yekha pakhonde lake lomwe! Ndinene chiyani ine?

Ofiira anapambana, monga mwa nthawi zonse.

Nthawi yomweyo mkazi wake anatuluka m'nyumba mofulumira, akumanga chitenje m'chiuno. Mayi wina woyandikana nawo anali atangomuuza kuti mchimwene wake wagona m'ngalande pafupi ndi shabini, sakutha kudzuka.

"Ndapambananso," anatero bamboyo, asanamve nkhaniyo.

Mkaziyo anaima, n'kuyang'ana mpando wopanda munthu tsidya lina la tebulo. "Mwapambana ndani?"

Kenaka anamuuza kumene akupita. Bamboyo anakweza manja. "Nanga ine ndalakwa chiyani? Sindinawagulire mowa ine."

"Simunawagulire," anatero mkaziyo, n'kupita kukabwereka wilibala.

Bamboyo sanapepese, tsiku limenelo kapena lina lililonse. Tebulo lidakalipo pakhonde, asilikali ake okongola ali chiimire. Aliyense wobwera kudzalembetsa chikwangwani amamuonetsa, n'kumuuza monyadira kuti m'Balaka monse palibe amene anamugonjetsapo. Ndipo sanama.

Abale ndi alongo anga, ndaona ena mukugwedeza mitu, ena mukuseka. Musafulumire. Ine zimenezi ndimaziona mumpingo mwathu muno, ndipo zanditopetsa.

Malamulo a Mulungu timawadziwa. Timawanena ndi pakamwa pathu, anthu akumva. Timawaphunzitsa ana. Akagwira mnzathu, timawomba m'manja kuti chilungamo chayenda. Koma tsiku limene agwira ife, pomwepo pamabadwa lamulo latsopano. Mnzako akanena za wina, ndi miseche. Ukanena iwe, ukungodziwitsa abale kuti amupempherere. Mnzako akapsa mtima, alibe chikhristu. Ukapsa iwe, ndiwe munthu wosabisa mawu. Mwana wa mnzako akalakwa, umafuna akulu a mpingo akhale pansi lero lomwe. Akalakwa wako, akuti ndi chibwana, tisazitengere patali. Nthawi zonse nkhani yako imakhala yosiyana ndi ya ena. Nthawi zonse pali chifukwa. Mpaka umafika polowa m'chipinda wekha, kugwada pansi, n'kuyamba kufotokozera Mulungu chifukwa chimene tchimo lako silili tchimo kwenikweni. Ukunamiza ndani pamenepo?

Lamulo limene limapindika nthawi iliyonse likakukhudza si lamulo la Mulungu ayi. Ndi lako, wadzipangira wekha, ndipo silingakupulumutse.

Komanso usaiwale kuti pali wina akukuona. Sindikunena kuti mlamu uja analibe mlandu wake. Botolo ananyamula yekha, ndipo adzayankha yekha. Koma alipo anthu ofooka amene abwera pakati pathu akuthawa zimene zinkawapha. Abwera chifukwa amva kuti kuno zinthu zimayenda mowongoka, kuti wamkulu ndi wamng'ono muyezo wawo ndi umodzi. Akaona kuti nafenso timakhotetsa zikatikomera, sakangana nafe. Amangotsanzika mwaulemu n'kubwerera kumene anachoka. Ife n'kutsala pano tikudabwa kuti mipando yopanda anthu yachuluka bwanji.

Mulungu safuna munthu amene sanagonjepo, chifukwa munthu woteroyo kulibe. Amafuna munthu amene Mawu ake akamugwira amaima, osafunafuna pothawira. Ndiye sabata ino, mkazi wako akakuonetsa pamene wakhota, mwana wako akakukumbutsa zimene unanena wekha, chikumbumtima chikakugogoda, usayambe ndi kufotokoza. Tseka kaye pakamwa. Ukatsegula, nena kuti ndalakwa. Sudzafa nazo. Pamenepo m'pamene chikhululukiro chimayambira, ndipo kwa wosalakwa chilibe polowera.