Kadontho Kofiira ka Uladi

Pa siteji ya kabaza yoyandikana ndi mlatho wa Shire, m'tauni ya Mangochi, panali pangano losalembedwa. Lachisanu masana Asilamu ankatsamiritsa njinga zawo pamtengo wa mango n'kupita ku mzikiti. Akhristu ankazilonda. Lamulungu m'mawa udindo unkatembenuka. Njinga ya mmodzi ikabedwa, onse ankasiya makasitomala n'kumwazikana m'misewu. Tcheya wawo, a Macloud, ankaimbira masiteji a ku Malindi ndi ku Nkopola kuti atchinge njira. Mbala zinkadziwa zimenezi, ndipo mtengo uja zinkaulambalala.

Uladi anali mmodzi wa Asilamu apasitejipo. Mwamuna wa miyendo yolimba, wosakonda kukhala pansi. Munda analibe. Ngalawa analibe. Ana ake ankadyera m'matayala a njinga yakeyo.

Mlamu wake atabwera kuchokera ku Joni anamubweretsera kachipangizo kolondolera njinga. Kakang'ono ngati bokosi la machesi, kokhala ndi simu khadi m'kati. Uladi anakabisa kunsi kwa mpando wa kasitomala. Pafoni pake pankaoneka mapu, pamapupo kadontho kofiira. Njinga ikasuntha, kadontho kankasuntha.

"Ndiye kamaona paliponse?" anafunsa Simioni, mnzake wa pasiteji, atasuzumira pafonipo.

"Paliponse, achimwene. Sikasinza. Sikapita kokodza. Sikacheza ndi azimayi a mandasi ngati alonda ena ndikuwadziwa."

Onse anaseka. Uladi anaseka kuposa onse.

Lamulungu lotsatira kulonda kunagwera iye. Mabelu a tchalitchi atangotonthola, kunabwera mayi wina wofuna kupita ku Nkopola. Uladi anayang'ana njinga za anzake. Anayang'ana mayi uja. Anapukuta mpando n'kumukweza. Njinga zinatsala zokha ngati mbuzi zopanda m'busa.

Pobwerako anapeza anthu ataunjikana. Simioni anali ataima chilili, jekete la kutchalitchi lili m'manja. Pomwe panali njinga yake panangotsala mkwasa wa tayala pamchenga.

"Che Uladi, munatisiya bwanji?" anafunsa a Macloud.

"Kasitomala sadikira Ameni, a tcheya. Dziko lapita patsogolo. Aliyense agule kake kachipangizo."

"Tamva. Tsono kwerani tikasake."

"Kusaka chinthu chomwe sitikudziwa kolowera? Ine miyendo yanga ndi yodyetsera ana."

Anzake anapita popanda iye. Mbala inali itapeza nthawi yokwanira, ndipo njinga sinapezeke. Simioni anayamba ganyu yosenza matumba a chimanga pamsika. Anzake sanamuthamangitse Uladi pasiteji. Anangosiya kumuwerengera. Iye sanadandaule. Lachisanu anayamba kumangirira njinga yake kumpanda wa mzikiti ndi katcheni, foni ili m'thumba la mkanjo.

Dzinja linadutsa choncho. Lachisanu lina, swala ya Ijumaa itatha mumzikiti, anatuluka n'kupeza katcheni kali pansi, koduka. Anatulutsa foni. Kadontho kanali katangowoloka mlatho, kakulunjika msewu wa ku Malindi. Anapita kusiteji akuyenda ngati munthu wodziwa kale mathero a nkhani.

"A tcheya, andibera. Koma mbala ndikuiona. Iyi apa."

A Macloud anavala magalasi awo. Anayang'anitsitsa.

"Zoona, ikuyenda. Ndipo munthuyu akupalasa bwino."

"Imbirani a ku Malindi atchinge. Sinafike patali."

"A ku Malindi timawadzutsira njinga ya mnzathu wa m'pangano, Che Uladi. Ndikawauza kuti ndi yanu, andifunsa za ya Simioni. Ndiwayankha chiyani?"

Uladi anatembenukira kwa Shafi, yemwe anali naye mzere umodzi mumzikiti.

"Achimwene, ndibwerekeni yanu. Ndibweza dzuwa lisanalowe."

"Pepani, Che Uladi. Yangayi ilibe kachipangizo. Ikasowa ndidzaipeza bwanji?" Shafi anakweza mwendo pachishalo. "Inshallah ipezeka."

Palibe ananyoza. Palibenso anaimirira. Kunabwera agogo ena atanyamula dengu la utaka, a Macloud anawakweza n'kunyamuka pang'onopang'ono. Simioni anadutsa cha pomwepo, thumba lili pamutu, thukuta lili kamukamu. Anaima pang'ono.

"Yafika pati?"

"Ikuyandikira Malindi."

"Mwayi wanu. Yanga sindinadziwe n'komwe kuti inalowera kuti."

Anapitirira ndi katundu wake.

Uladi anataya nthawi pofunafuna wa njinga yamoto womukhulupirira. Pomwe ankafika ku Malindi, kadontho kanali katadutsa kale. Anyamata a pasiteji ya kumeneko anali phee pamthunzi, akusewera bawo. Anamuuza kuti inde, anaona munthu akudutsa panjinga yobiriwira ngati yakeyo. Munthuyo anawapatsa moni, iwo n'kuyankha. Palibe anali atawauza kuti njingayo ndi yobedwa. Kupitirira pamenepo netiweki inayamba kudukaduka. Kadontho kanaima, kenaka kanazimirira.

Kanadzatulukiranso patapita masiku, cha ku Makanjira. Uladi anakwera lole. Msewu unamugwedeza mpaka mafupa. Atatsika anapeza kuti kadontho kamodzi kakuphimba mudzi wonse: nyumba, mipanda ya udzu, matandala oyanikapo usipa. Mapu sankaonetsa tinjira ta kumeneko. Njinga zinalipo zambiri, zina zopakidwa penti watsopano. Anthu anamulandira mwaulemu, anamupatsa madzi akumwa, n'kumufunsa kuti wabwera ndi yani. Anali yekha. Munthu mmodzi, mlendo, salowa m'mipanda ya eni n'kumasuzumira kunsi kwa mipando ya njinga zawo. Anakweranso lole yomweyo.

Kachipangizo sikanamunamize ngakhale tsiku limodzi. Netiweki ikagwira, kankamuuza zonse. M'mawa njinga yake yapita kudoko. Masana ili pamsika. Ikugwira ntchito molimbika, ikudyetsa ana a munthu wina. Uladi ankayang'ana ali pakhonde, mkazi wake akumufunsa za ufa. Anayang'ana choncho mpaka batire la kachipangizo linatha.

Chitsulo chimaona, koma chilibe miyendo yothamangira mwini wake. Akuluakulu sanalakwe ponena kuti mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako.