Njiri, Khwangwala ndi Chibangili Chakuda

Kalekale, ana inu, nyama zisanaleke kuyankhula, kuseri kwa mapiri kudali dambo lalikulu. Muzivomera kuti tili tonse, nthano ingagwe pansi.

M'dambo limenelo mudali mwambo. Mwana wamkazi akamalowa m'banja, mayi wake ankamuveka chibangili cha siliva pa tsiku la chinkhoswe, ankhoswe ndi anansi akuona. Wopita wopanda chibangili ankamunena kuti kwawo adangomutaya.

Kumeneko kudali mayi wina, Njiri. Mwamuna wake adagwidwa ndi mkango, n'kumusiyira mwana mmodzi, dzina lake Ndaziona. Njiri adali wakhama, adali wachifundo, koma adali waphuma. Mawu oyamba ankawamva. Otsiriza ankawasiya m'kamwa mwa mwini wake, iye ali paliwiro, mchira uli m'mwamba.

Ndaziona adakula. Mnyamata wina wa kutsidya kwa dambo adamufunsira, ndipo ankhoswe adagwirizana kuti chinkhoswe chidzachitike mvula ikatha. Chibangili cha Njiri mwini chidatayika kale, chaka chimene ankathawa moto wa tchire. Choncho adanyamuka kupita kwa Ngaka, mmisiri wosula siliva, amene chipala chake chidali m'munsi mwa thanthwe.

"Odi kuno, a Ngaka."

"Lowani, mayi a Ndaziona. Kwagwanji?"

"Kwagwa zabwino. Mwana wanu uja akulowa m'banja. Ndadzera chibangili."

Ngaka sankafulumira pa chilichonse. Adasiya mvukuto, nayala chikopa, naikapo zibangili zitatu.

Njiri adathamangira choyamba, chifukwa chinkawala koposa zinzake.

"Chinyamuleni," adatero Ngaka. Adachinyamula, chidali chopepuka ngati tsamba louma. "Chigogodeni ndi kamwala." Adachigogoda, chidangoti phwa. "Chimenecho ndi chitini chopaka siliva pamwamba. Ndidachitola m'njira ya anthu. Ndimachisunga kuti obwera kuno aziona kusiyana."

Njiri adatenga chachiwiri. Chidali cholemera bwino.

"Chikanikizeni ndi dzino lanulo." Adachikanikiza pang'ono, chidapindika. "Ameneyo ndi siliva yekhayekha, wofewa ngati phula. Mwana wanu amadya atagwada, amakumba mizu. Sichingamuthere mwezi."

Njiri adatenga chachitatu. Adachinyamula, chidalemera. Adachikanikiza, sichidapindike. Adachigogoda, chidati ngiii, mawu ake n'kumapitirira mpaka kuthanthwe.

"Ameneyo ndi siliva wothira mkuwa pang'ono kuti alimbe," adatero Ngaka. "Taonani m'kati mwake. Muli kachizindikiro konga mamba anga. Chopanda chizindikiro cha wosula muzichikayikira."

Njiri adalipira ndi mphamvu zake. Adagumula chulu cholimba chimene Ngaka adachilephera, kuti banja la Ngaka lidye chiswe. Kenaka adatenga chibangili chija.

"Tsopano mverani kasamalidwe kake," adayamba Ngaka. "Siliva weniweni amada akakhala pachinyezi, koma..."

Atadzutsa mutu, adangoona mchira ukulowa m'udzu. Ngaka adapukusa mutu, nabwerera ku mvukuto wake.

Koma pathanthwe padali wina amene adamva theka lomwelo. Adali Khwangwala. Masiku amenewo Khwangwala adali wakuda thupi lonse, ndipo mtima wake unkafera chilichonse chonyezimira. Adati mumtima, "Eya, siliva weniweni amada. Ndipo ambiri m'dambo muno sadziwa." Adauluka kupita kumidzi ya anthu kukatola zibangili za chitini m'madzala.

Njiri atafika kwawo adaganiza za akuba. Adakulunga chibangili m'masamba aawisi, nachikwirira pakona ya mkati mwenimweni mwa una. Mvula idagwa, idagwa, idagwanso. Dothi la mu una silidaume dzinja lonse.

Mvula itayamba kudukiza, Khwangwala adayamba kuyenda khomo ndi khomo, akuimba:

"Chakuda ndipatse, chowala tenga,
Tsoka lako ndilisenza ine,
Khwaa, khwaa, ndine wachifundo."

Adafika kwa Mbawala. Chibangili cha Mbawala chidali chitada, ndipo Mbawala adasintha. Adafika kwa Nungu. Cha Nungu chidali chitada, ndipo Nungu adasintha. Adayenda dambo lonse, n'kumakaunjika siliva m'chisa chake pamwamba pa mgwalangwa, pamene palibe nyama ikadakwerapo.

Potsiriza adafika kwa Njiri. Adamupeza atakhala pakhomo pa una, misozi ili chuchuchu. M'mawa umenewo adali atafukula chibangili chija, n'kuchipeza chili bii ngati kunsi kwa mphika.

"Pepani, mayi," adatero Khwangwala. "Chimenechi ndi cha mwana wanu?"

"Ndi chake. Chinkhoswe chayandikira. Sindikudziwa chachitika n'chiyani."

"Ine ndayenda, ndaona zambiri. Siliva akada chonchi, ndiye kuti wamwa tsoka. Mukamuveka mwana, banja lake lidzada momwemo. Koma musalire. Tengani ichi, tsokalo ndikalitaye kutali."

Adatulutsa chibangili chowala ngati madzi padzuwa.

"Ndichigogode kaye," adatero Njiri.

"Ayi, mayi. Mukagogoda, mwayi umathawa."

Kudera nkhawa mwana kumatseka makutu a mayi. Njiri sadachinyamule kuti amve kulemera kwake, sadayang'ane m'kati mwake. Adapereka chakuda, natenga chowala.

Ndaziona adachiyesa kumwendo wakutsogolo, nakondwera. Adapita nacho kosamba matope, monga zimachitira njiri dzuwa likatentha. Pobwerako chidali chitayamba kusupuka. Posakhalitsa mwendo udabiriwira, udayabwa, udatuluka tizilonda.

"Amayi," adafunsa Ndaziona, "kodi chimenechi ndi chomwe adasula a Ngaka?"

Njiri adazolika. Kenaka adafotokoza zonse.

Ndaziona sadakwiye. Adavula chitini chija, nati, "Pitaninso kwa a Ngaka. Koma ulendo uno mukakhale pansi mpaka akatsirize."

Njiri adapita. Atafika adagwada, nakhalira mchira wake kuti usamunyamule.

"A Ngaka, ndabwera ndi manyazi. Ndiuzeni mawu ndidawasiya aja."

Ngaka adamva nkhani yonse osamudula. Kenaka adalowa m'nyumba, natuluka ndi mphete yakale ya mkazi wake, yakuda bii. Adatenganso phulusa losefa la zitsononkho, madzi pang'ono, ndi kansalu kofewa ka thonje.

"Siliva weniweni amada akakhala pachinyezi," adatero, "koma kudako kumakhala pamwamba pokha. Si tsoka, si matenda. Taonani."

Adanyowetsa phulusa, napukuta mbali imodzi ya mphete pang'onopang'ono. Mdima udatsalira pakansalu. Mphete idawala.

"Mchenga ayi, umakanda. Mwala ayi, umadya siliva. Mukatha kupukuta, tsukuluzani ndi madzi oyera, muumitse bwinobwino. Posunga, kulungani m'nsalu youma, muike m'chipanda chotseka. Chisayandikire mazira, chisalowe m'matope. Ndipo musachibise kwambiri. Siliva amakonda kuvalidwa."

Njiri adadikira. Kenaka adafunsa.

"Mwatsiriza?"

"Ndatsiriza."

"Nanga mungandisulire china?"

"Siliva adandithera, mayi. Amalonda amene amabwera naye sadzafika mpaka chaka chamawa. Chibangili cha mwana wanu chili pamwamba pa mgwalangwa."

Njiri adakhala, naganiza. Kuganiza atakhala pansi chidali chinthu chachilendo kwa iye, koma chidamukomera. Kenaka adati, "Mundibwereke mpheteyi, mbali yakudayo musaipukute. Mundipatsenso phulusa."

Adadzera kwa Mbawala. Adamupeza akubisa mwendo wobiriwira m'udzu. Adadzera kwa Nungu. Adamupeza akukanda tizilonda, minga ili njonjonjo ndi mkwiyo. Onse adawauza kuti amutsatire, akabisale pafupi ndi mgwalangwa.

Tsono kumwambako Khwangwala naye adali pamavuto. Siliva adali naye wambiri, koma wakuda yekhayekha. Adayesa kujompha ndi mlomo, chibangili chidangokandika. Adayesa kukwecha pa khungwa, sichidawale. Adayesa kuchisiya pamame, chidaderatu. Ndipo m'chisamo mudali zikhokhombe za mazira amene ankaba, zimene zinkangowonjezera kudako.

Dzuwa lili paliwombo, adaona Njiri atakhala pamthunzi, akupukuta kanthu, akung'ung'udza nyimbo. Adasuzumira. Kanthu kaja kadali kakuda. Adasuzumiranso. Kadali katawala, kuwala kofatsa konga mwezi, kumene chitini sichidziwa.

"Mayi Njiri, mukuchita chiyani pamenepo?"

"Ndikupukuta mphete ya a Ngaka. Adandiphunzitsa."

"Ndi chiyani?"

"Ndi phulusa ili. Kodi chakuda chija mudakachitaya? Mukadakhala nacho ndikadakuonetsani."

Khwangwala adatsokomola. "Ndidachedwa kukataya. Chilipo."

"Tsikani nacho chimodzi chokha. Phulusa latsala pang'ono."

Mawu akuti pang'ono adamubaya Khwangwala. Adati mumtima, "Ndikatsika ndi chimodzi, phulusa litha, zinazo zikhala zakuda mpaka kalekale." Mlomo sukadanyamula zonse. Mapazi sakadanyamula zonse. Choncho adalowetsa mutu m'chibangili choyamba, m'chachiwiri, m'chachitatu, mpaka zonse zidakhala m'khosi. Adatambasula mapiko, nadumpha. Sadauluke. Adangobwera ngati chipatso cha mgwalangwa, n'kugwa kuti phii pamapazi pa Njiri.

"Mwavulala?" adafunsa Njiri.

"Ndimatsika choncho masiku onse. Pukutani msanga."

Njiri sadachite msanga. Adanyowetsa phulusa, napukuta choyamba. Chidawala. Adapukuta chachiwiri. Chidawala. Phulusa lonyowa linkayenderera m'khosi mwa Khwangwala mpaka pachifuwa, koma iye sankasamala. Maso ake adali pa siliva. Njiri adapukuta, adapukuta, mpaka khosi lonse linkanyezimira.

"Zikomo, mayi," adatero Khwangwala. "Ndapita."

Adakupiza mapiko, mapazi osachoka pansi. Adakupizanso, fumbi lokha ndi limene lidauluka. Adakupiza kachitatu, nagwa chafufumimba.

"Siliva weniweni amalemera, a Khwangwala," adatero Njiri.

Udzu udagwedezeka. Mbawala adatuluka. Nungu adatuluka chafutambuyo, minga italoza kwa wakubayo.

"Ndisiyeni ndimulase," adatero Nungu.

"Ayi, achemwali. Kwathu kukubwera chinkhoswe. Sindifuna magazi panjira ya mwana wanga. Timuvule basi."

Adamuvula chimodzichimodzi. Chilichonse ankachigogoda, n'kuyang'ana m'kati mwake, mwini wake n'kuchizindikira. Za amene sadalipo adazikulunga kuti akazipereke khomo ndi khomo. Cha Ndaziona chidali chomaliza, chothina pakhosi penipeni. Chidatuluka ndi nthenga zingapo.

Khwangwala atapepukidwa adathawira kumtsinje. Adasamba, phulusa silidachoke. Adadzikwecha pamchenga, silidachoke. Adadikira mvula ya chaka chotsatira, silidachoke. N'chifukwa chake mpaka lero khwangwala ali ndi khosi ndi chifuwa choyera, kuti aliyense azimuonera patali akamabwera ndi malonda ake.

Njiri atafika kwawo adayang'anitsitsa chibangili chija. Chinkawala, koma mbali imodzi chidali ndi mikwingwirima itatu ya mlomo wa Khwangwala. Adapukuta, siidachoke. Mtima wake udawawa.

"Mwana wanga, chakandika. Phuma langa ndi limene lachita zimenezi."

Ndaziona adachitembenuza, nachigogoda. Chidati ngiii.

"Mawu ake ali bwinobwino, amayi. Ndichivala chomwechi."

Udzu utayamba kufiira, tsiku la chinkhoswe lidafika. Nyama zidasonkhana pansi pa mkuyu. Mbawala adabwera chibangili chili ng'aning'ani. Nungu adabwera, chake chili chimodzimodzi. Ngaka ndi mkazi wake adafika mochedwa, monga mwa chizolowezi chawo, ndipo adawasungira malo kutsogolo.

Ankhoswe atatha kuyankhula, Njiri adagwada pamaso pa mwana wake. Adamuveka chibangili. Adamupatsanso chipanda chouma, kansalu kofewa, ndi phulusa m'kamphika.

"Mwana wanga," adatero, "chimenechi tsiku lina chidzada. Usadzachite mantha, usadzachitaye, usadzamvere wodutsa m'njira. Udzakhale pansi, udzachipukute."

Azimayi adaimba nthungululu, ng'oma zidalira, ndipo Njiri adavina mpaka maondo adamukana.

Ana inu, chinthu chenicheni chimatha kuda, koma chikasamalidwa chimawalanso. Chonama chimawala lero, mawa chasupuka. Posankha musamvere maso okha, ndipo wamkulu akamayankhula mudikire atsirize.

Nthano yanga yafika pamathero. Kaphuleni mbatata zanu, zingapserere.